Momwe mungajambulire mbalame yoimba ndi woimba jazi wa mawu ofewa

Mbalame ikatera pansonga ya nthambi n'kuyamba kuimba, kapena bambo wovala suti akayandikira maikolofoni m'chipinda cha mdima n'kumaimba ngati akunong'oneza munthu mmodzi, wojambula amakumana ndi vuto limodzi: chithunzi chilibe mawu. Woona chithunzicho adzaimva nyimboyo pokhapokha mutagwira kamphindi komwe thupi la woimbayo likuionetsa, khosi litafufuma, kukamwa kuli yasa, maso ali kwina. Kamphindi kameneka mukakadikira ndi maso, chala chimafika katadutsa kale. Khutu ndi limene limakutsinani kuti kakubwera. Ndiye tiyambire kwa mbalame, poti imaimba tsiku lililonse ndipo siifuna chilolezo.

Tsiku loyamba kamera ikhale m'chikwama

Lawirirani kusanache, mukakhale pamalo pomwe mumamva mbalame, n'kungomvetsera. Mbalame zambiri zimaimba kwambiri mbandakucha, makamaka nyengo yoswana, pamene yaimuna ikulengeza malire a dera lake ndi kukopa yaikazi. Siimbira paliponse ayi. Imakhala ndi nthambi zake ziwiri kapena zitatu, mwina nsonga ya mtengo wouma, komwe imabwererako m'mawa uliwonse. Mukazidziwa nthambizo, simuthamangitsananso ndi mbalame m'tchire. Mumangoiyembekezera pomwe ikubwera yokha.

Mvetserani kautali ka nyimbo yake ndi mpata womwe imasiya isanabwereze. Werengani chamumtima. Pumbwa akabwereza kasanu, mudzayamba kumva nokha nthawi yomwe atsegulenso mlomo.

Penyetsetsaninso thupi. Mbalame siimba ndi kholingo ngati ife. Chiwalo chake choimbira, chomwe akatswiri amachitcha syrinx, chili m'munsi, pomwe njira ya mpweya imagawanika kupita ku mapapo awiri. N'chifukwa chake ikamaimba nthenga zapakhosi zimaima, chifuwa chimagwedera, zina mpaka mchira umanjenjemera. Njiwa imalira mlomo uli chitsekere, khosi lokha likufufuma, ndiye mukamadikira kuti iyasamule mudikira mpaka dzuwa lifike paliwombo. Mwiyo naye ali ndi kake: yaimuna ndi yaikazi zimayankhizana mofulumira moti mumayesa ndi mbalame imodzi. Mukaimva, funani inzake, ili pafupi.

Tsiku lachiwiri: poima ndi kutchera kamera

Imani dzuwa lili kumsana kwanu, likadali m'munsi, kuti liwale m'diso la mbalame. Diso lopanda kakuwala kaja limaoneka ngati la mbalame yakufa. Yesetsani kuti kamera ikhale pamsinkhu umodzi ndi nthambi. Mukajambulira pansi penipeni pa mtengo mupeza mimba ndi miyendo basi. Nthawi zambiri kubwerera m'mbuyo mapazi angapo, kapena kuima pachitunda, kumathandiza kuposa kusendera. Kumbuyo kwa mbalame kukhale masamba akutali. Kukakhala thambo loyera, kamera imanyengedwa ndi kuwalako n'kudetsa mbalameyo, choncho onjezani exposure compensation, yomwe imawalitsa kapena kudetsa chithunzi chonse, kufika pa +1 kapena +2.

Lenzi ya 400mm ndi poyambira pabwino. Pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, lenzi imeneyi imaona ngati ya 600mm, ndipo pa Canon imapitirirako pang'ono chifukwa kumeneko timachulukitsa ndi 1.6 osati 1.5. Liwiro la shutter, kachitseko kotseguka kanthawi kuti kuwala kulowe, liyambire pa 1/1000 ya sekondi, ndipo kwa timbalame tating'ono tosakhazikika kwezani mpaka 1/2000. Aperture, bowo lolowera kuwala mu lenzi, itseguleni momwe lenzi ikulolera, kaya f/5.6 kaya f/6.3. ISO, yomwe ikakwera imawalitsa chithunzi pamdima, muisiye pa Auto. Musaope ISO ikakwera. Timadontho ta ISO yokwera timachepetsedwa pakompyuta, koma mlomo wogwedezeka palibe angaukonze.

Focus ikhale yotsata chinthu choyenda, yomwe pa Nikon ndi Sony imalembedwa AF-C, pa Canon AI Servo kapena Servo AF, ndipo ilunjike pa diso. Kenaka gwiritsani ntchito zomwe munawerenga dzulo: dinani kanthawi kochepa nyimbo isanayambe, gwirani batani kamera ijambule zithunzi zingapo motsatizana, siyani nyimbo ikatha.

Posendera musalunjike kwa mbalame ngati mphaka. Yendani chammbali, pang'onopang'ono, mutavala zosawala. Ikasiya kuimba n'kutukula khosi, imani pomwepo. Mwafika pamalire ake. Ndipo chonde, musaiimbire nyimbo ya mtundu wake kuchokera pafoni kuti ibwere. Imabweradi, koma imabwera kudzamenyana ndi mdani yemwe kulibe, itasiya mazira kapena anapiye. Chisa nachonso chitalikireni.

Pali chithunzi chimodzi chomwe chimafuna kuti muphwanye lamulo la dzuwa lija. M'mawa wozizira kwambiri, mpweya wa mbalame yoimba umatuluka ngati kautsi. Kuti kaoneke, dzuwa likhale kuseri kwa mbalame, kumbuyo kwake kukhale mthunzi wakuda. Apa nyimbo imaoneka ndi maso. Sungani maganizo amenewa, tiwafunanso m'chipinda cha jazi.

Woimba wosakuwa

Kaimbidwe kofewa kameneka, komwe oimba ake amatchedwa ma crooner, kanabwera ndi maikolofoni ya magetsi kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Kale woimba ankayenera kukweza mawu kuti afike kumpando wotsiriza wa holo. Maikolofoni itabwera, Bing Crosby ndi anzake anapeza kuti angathe kuimba chapansipansi anthu n'kumamva ndi kupuma komwe. Njira imeneyi ndi yomwe anadzayendamo Frank Sinatra, Nat King Cole, Billy Eckstine, Johnny Hartman ndi Tony Bennett. Kwa wojambula izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Woimba wotere sadumpha, sathamanga pasiteji. Nkhani yonse ili pa nsidze, pa dzanja lomwe silinagwire kanthu, pa kupendeka kwa mutu. Chachiwiri, maikolofoni imakhala kukamwa pafupifupi nthawi zonse, ndipo ndiyo idzakuwonongereni zithunzi zambiri.

Yambani ndi kupempha chilolezo kwa eni malo ndi kwa woimbayo. M'makonsati akuluakulu ojambula amaloledwa nyimbo zitatu zoyambirira zokha, popanda fulashi. M'makalabu ang'onoang'ono mumagwirizana nawo. Ngati n'kotheka fikani pomwe akuyesa zida. Pamenepo mudzaona komwe magetsi akugwera ndiponso dzanja lomwe amagwirira maikolofoni. Akamagwira ndi lamanja, mkono wake umaphimba nkhope mbali ya kumanja, ndiye inu khalani kumanzere kwake, chammbali pang'ono, pomwe mungaone mpata pakati pa milomo ndi maikolofoni. Mpando wapakati kutsogolo, womwe aliyense amaulimbirana, ndi woipitsitsa kwa wojambula: mupeza mphuno ndi chitsulo.

Tengani lenzi yolowetsa kuwala kwambiri, monga 50mm kapena 85mm ya f/1.8, kapena 70-200mm ya f/2.8 ngati muli patali. Kamera ikhale pa M, pomwe mumatchera zonse nokha. Yambirani pa f/2 kapena f/2.8, shutter 1/200 kapena 1/250, ISO pakati pa 1600 ndi 6400. Yezani kuwala pankhope pokha ndi spot metering, chifukwa mdima wozungulira ukalowa m'chiwerengero nkhope imayera mbuu. Jambulani RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe kamera yaona kuti mudzakonze pakompyuta. Thimitsani kulira kwa focus, kanyali kothandiza focus, ndi sikirini yoonetsa chithunzi mukangojambula. M'chipinda momwe munthu akuimba monong'ona, anthu analipira kuti amve iyeyo, osati kamera yanu.

Shutter yosalira ndi yabwino pano, koma ili ndi msampha. Magetsi ena, makamaka a LED, amaphethira mofulumira kuposa momwe diso lingaonere, ndipo chithunzi chimatuluka ndi mizere yopingasa. Kumene magetsi ali a 50Hz nyali zambiri zimaphethira ka 100 pa sekondi, kumene ali a 60Hz ka 120. Yesani musanayambe. Mizere ikaoneka, tsitsani shutter ifike pa 1/100 kapena 1/125 molingana ndi magetsi a kumaloko. Ikakanika, bwererani ku shutter yolira, muzidina pomwe malipenga kapena ng'oma zakweza.

Kuwerenga nyimbo

Apa ndi pomwe maphunziro a pumbwa aja amalipira. Nyimbo zambiri zakale zomwe oimbawa amakonda zinamangidwa m'magawo anayi a ma bar 8 (bar ndi kachigawo ka nyimbo kowerengedwa ndi kugunda kwake), onse pamodzi 32, mwa dongosolo lotchedwa AABA: gawo loyamba, kulibwereza, gawo lina losiyana, n'kubwereranso ku loyamba lija. Ndiye kuti maimbidwe amodzimodzi akudutsani katatu. Ulendo woyamba ingomverani, muone pomwe akutseka maso ndi pomwe akukoka mawu. Wachiwiri jambulani. Wachitatu konzekerani mawu otsiriza, chifukwa ambiri akamakoka mawu aatali okweza amatalikitsa maikolofoni kukamwa, nkhope yonse n'kuonekera.

Dinani pa mawu okoka a "a" ndi "o". Mukadina pakati pa "f" kapena "m", milomo imapindika ndipo munthu waulemu wake amaoneka ngati akulavula. Onetsetsani mapewa: akakwera, wakoka mpweya, mzere ukuyamba.

Woimba piyano kapena lipenga akatenga gawo lake, musatsitse kamera. Ambiri amatsitsa, ndipo amataya zambiri. Nthawi imeneyi woimba ndi mawu uja amabwerera m'mbuyo, maikolofoni ili pachifuwa, akumvetsera, mwina akuseka ndi wa piyano, mwina akuwomba zala. Ine ndimaona kuti munthu weniweniyo amaonekera pamenepa kuposa pomwe akuimba.

Kumbukirani kautsi ka mbalame kaja. Herman Leonard, yemwe anajambula oimba jazi m'makalabu a ku New York kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anatchuka ndi kuwala kochokera kumbuyo kwa woimba, kodutsa mu utsi wa fodya. Lero m'malo ambiri salola kusuta, komabe nyali yakumbuyo imajambula mzere wowala pamapewa ndi patsitsi, n'kumupatula munthuyo ku mdima. Funani poima pomwe nyaliyo yabisika kuseri kwa mutu wake. Onaninso ntchito ya William Gottlieb, yemwe anajambula jazi kuyambira 1938 mpaka 1948. Zithunzi zake zili ku Library of Congress ku Washington ndipo zimaoneka pa intaneti. Iye ankagwira ntchito ndi kamera yaikulu ya Speed Graphic ndi mababu a fulashi oyaka kamodzi n'kutha, motero pa munthu mmodzi ankajambula zithunzi zowerengeka chabe. Ankayenera kudziwa nyimboyo asanadine.

Mukafika kunyumba

Nyali zofiira ndi zapepo zimapha khungu. Yambani ndi kukonza white balance pa RAW, kuti mitundu ibwerere mwachibadwa. Zikakanika, sandutsani chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera, zomwe zimayenerana ndi jazi mulimonsemo. Mdima usiyeni ukhale mdima, musauwalitse wonse. Pa mbalame ndiye musakokomeze mitundu. Odziwa mbalame adzaona msanga kuti nthengazo si zake.

Posankha, kulitsani chithunzi chilichonse muone diso kaye. Focus ikaliphonya, chotsani, ngakhale zina zonse zitakoma. Chotsaninso chomwe kanthambi kadutsa pamlomo, chomwe maikolofoni yadya mphuno, ndi chomwe chikope chili pakati, chosatseka chosatsegula. Mbalame zili ndi kakhungu kena kopyapyala kophimba diso chopingasa, ndipo kakagwidwa ndi kamera diso limaoneka lotuwa ngati lodwala. Onani chithunzi chotsatira pa mndandanda womwewo, kawirikawiri kamakhala katachoka. Za woimba, mutumizireni zisanu kapena zisanu ndi chimodzi musanaziike pa intaneti, ndipo mulembe dzina lake ndi mayina a omwe ankamuimbira zida usiku umenewo.