Mmene mungalembere malo amene duwa la Adenium multiflorum limamera m'chigawo cha Tete

Chomera cha Adenium multiflorum, cha tsinde lonenepa ndi maluwa oyera a m'mphepete mofiira, chimakonda malo otentha a miyala ndi mchenga m'chigwa cha Zambezi, ndipo chimachita maluwa m'nyengo yachisanu masamba onse atayoyoka. Dzinali linaperekedwa ndi Klotzsch, katswiri wa zomera wa ku Germany, mu 1861, pogwiritsa ntchito zomera zimene wofufuza zachilengedwe Wilhelm Peters anatola ku Mozambique. Zitsanzo zambiri za Peters zinapsa pamene nkhokwe ya zomera zouma ya ku Berlin inaphulitsidwa mu 1943.

Musanapite kutchire, yambani mwaona zimene zinalembedwa kale. Pa intaneti, GBIF, tsamba losonkhanitsa zolembedwa za zamoyo za padziko lonse, imaonetsa zitsanzo zosungidwa m'nkhokwe zosiyanasiyana ngati timadontho pamapu, ndipo ku Maputo kuli nkhokwe ya IIAM, bungwe lofufuza za ulimi la Mozambique, ndi ya yunivesite ya Eduardo Mondlane. M'mabuku a Flora Zambesiaca, ofotokoza zomera za maiko a m'dera la Zambezi, chigawo cha Tete chimalembedwa ndi chilembo T.

Timadontho ta pamapu muziwerenga mosamala, chifukwa timasonyeza kumene otola zomera anayenda, osati malire enieni a chomeracho. Anthu ngati John Kirk, amene anayenda ndi Livingstone kuyambira 1858, ankatsata mtsinje, ndipo a pambuyo pake ankatsata misewu. Kapepala kakale ka chitsanzo kongolembedwa kuti "Tete" kangatanthauze tauni yeniyeniyo kapena dera la mtunda wa masiku angapo, choncho musaike kadontho pakati pa tauni ngati kuti mukutsimikiza. Komanso malo ena amene anthu anatolako zomera m'mbali mwa Zambezi anamira pamene damu la Cahora Bassa linayamba kudzaza mu 1974. Boma likakhala lopanda kadontho, mwina n'chifukwa choti palibe amene anakafufuzako, ngakhale kuti kumapiri ozizira a Angónia n'zomveka kuti chomera chokonda kutenthachi chisowe.

Mukachipeza, pemphani kaye chilolezo kwa mfumu ya mudzi, ndipo musazule chomera chonse. Dulani kanthambi ka maluwa mutavala magolovesi, pakuti utomoni wake ndi wapoizoni. Popeza kanthambiko kamasunga madzi ambiri, kang'ambeni pakati m'litali, kaikeni m'nyuzipepala pakati pa makatoni, mumange zolimba, ndipo muzisintha mapepala tsiku lililonse kuti kasachite nkhungu. Mudzabwerenso pa chomera chomwecho nthawi ya dzinja kuti mudzatenge masamba.

Kapepala kotsagana ndi chitsanzo ndiko kofunika kwambiri. Lembanipo dzina lanu ndi nambala ya chitsanzocho, tsiku, boma, mudzi wapafupi, manambala a GPS, mtundu wa dothi, mitengo yoyandikana nacho monga malambe kapena tsanya, kutalika kwa chomeracho, ndi dzina limene eni dera amachitchula. Mtundu wa maluwa muulembe pomwepo muli kutchire, chifukwa akauma amasanduka ofiirira ngati fodya.