Momwe mungayendere wapansi m'mbali mwa Lingadzi ndi Lilongwe, kuyambira m'tauni mpaka ku Dzalanyama

Ambiri a ife mtsinje wa Lingadzi timaudziwira pawindo la minibasi. Timaona mitengo yothithikana m'mbali mwa msewu wa Kenyatta, galimoto n'kudutsa pa mlatho, nkhani n'kuthera pomwepo. Inenso ndinakhala zaka zambiri mumzinda muno wa Lilongwe ndisanatsikepo kukaona zomwe zili pansi pa mitengoyo. Muli tinjira toyenda wapansi, muli mthunzi, ndipo mukalowa pang'ono chabe phokoso la oyitanira ndi mahutala limazimiririka, n'kutsala kulira kwa mbalame ndi madzi. Ngati mwakhala mukufuna kuyamba kuyenda m'tchire koma Mulanje ndi Nyika zikukutalikirani, yambirani pakhomo pano.

Choyamba: yambani ndi Lingadzi, Dzalanyama ibwere pambuyo

Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango yotetezedwa momwe muli Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalirako nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa. Lingadzi amadutsa m'nkhalango imeneyi asanakakumane ndi mtsinje wa Lilongwe. Njira zake n'zolambulidwa, zili ndi zikwangwani, ndipo palibe chitunda choti n'kukuthetsani mpweya. Munthu wosazolowera, ngakhale wa ana, atha kuyenda bwinobwino.

Kufikako n'kosavuta. Kwerani minibasi yopita ku City Centre yodzera msewu wa Kenyatta, kapena njinga yamoto ya kabaza, mutsike pachipata. Pamakhala ndalama yolowera, choncho musapite chimanjamanja. Mukalipira funsani njira zomwe zili zotsegula tsikulo, chifukwa mvula ikagwa yambiri tinjira ta m'mphepete mwenimweni mwa madzi timamira.

Chachiwiri: sankhani mwezi, kenako ola

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mvula imakhala yatha, matope auma, kunja kukuzizira, ndipo tchire likadali lobiriwira. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo. Ngati mwasankha mwezi umenewo, lawirirani kuti pofika 10 koloko mukhale mukubwerera.

Dzinja lili ndi kukongola kwake, koma Lingadzi wa dzinja si wosewera naye. Madzi ake amachokera kutali, ndiye atha kudzaza kuno kuli ngwee, mvula itagwa kumtunda. Anthu a kwa Mtandire ndi ku Area 47 sanaiwale zomwe mtsinjewu unachita mu 2017, pamene unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu. Mukaona madzi asanduka ofiira, akubwera ndi zinyalala, mapesi ndi nthambi, chokani m'mphepete mukwere kumtunda. Musadikire kuti muone ngati akwere.

Chachitatu: zovala ndi zonyamula

Simukufunika nsapato zodula za m'mashopu a ku Gateway. Nsapato yotseka ya pa kaunjika, ya mapazi okhakhala bwino, ikukwanirani, bola ikhale yoti munaiyendera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza. Masilipasi asiyeni kunyumba.

Valani thalauza kapena chovala chofika m'mapazi, ndi malaya a manja aatali. Ndikunena izi chifukwa cha chitedze. Tsiku lina mu Julayi ndinapatuka panjira kuti ndijambule mkuyu waukulu, mkono n'kukhudza tizikhokho taubweya tolendewera pa chitsamba. Sipanathe mphindi, mkono wonse unali moto. Ndinakanda mpaka kufiira, ndipo kukandako n'komwe kunalowetsa ubweyawo m'khungu. Mnzanga amene ndinali naye, m'malo mondimvera chisoni, anangoti, "Achimwene, inu munakulira kuti kosadziwa chitedze?" Chitedze chimavuta kwambiri chikauma, miyezi yomweyi yomwe kuyenda kumakoma. Chizindikireni: ndi chomera choyanga, zikhokho zake zokhota ngati nyemba zazikulu, zaubweya wofiirira.

M'chikwama muike madzi akumwa okwanira, chipewa, mtedza kapena nthochi, ndi jumbo yoti mubwereremo ndi zinyalala zanu. Chakudyacho chikhale m'kati mwa chikwama. Apusi a m'nkhalango ya Lingadzi anazolowera anthu, ndipo akaona nthochi m'manja sachita manyazi. Musawapatse, pusi wozolowera kupatsidwa ndi amene amadzaluma mwana wa wina mawa.

Chachinayi: yendani ngati munthu wosathamangira basi

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Timalowa m'nkhalango ndi liwiro la ku depoti, sipika ili pamwamba, n'kutuluka tikunena kuti mulibe kanthu. Zimitsani nyimbo. Yendani pang'onopang'ono, muziima pafupipafupi.

Mukafika pamalo poonekera madzi, khalani chete mphindi zisanu. Pa mwala pomwe mumayesa kuti pali chipika mutha kuona ng'azi ikuwothera dzuwa, kenako n'kutsetserekera m'madzi popanda phokoso. Yang'anani pa mphanda za mitengo ikuluikulu: mulu wa tinkhuni ndi udzu waukulu ngati nkhokwe yaing'ono ndi chisa cha nantchengwa, mbalame ya bulauni ya mutu ngati hamala imene agogo athu ankaiopa. M'mawa kwambiri gwape kapena mbawala imadutsa panjira, n'kuima kukuyang'anani kamphindi isanalowe m'thengo. Pa dothi lofewa mutha kupeza mapazi a fisi, chifukwa afisi mu Lilongwe alimo ndithu, amangoyenda usiku.

Madziwo ndi oonera ndi maso. Mu Lingadzi muli ng'ona, ndipo si nthano yoopsezera ana. Musasambe m'manja, musaviike mapazi, musalole mwana kutsikira kugombe. Kupatula ng'ona, mtsinjewu umadutsa m'malokeshoni ambiri usanafike pano, ndiye umanyamula zambiri, likodzo lomwe.

Chachisanu: milatho

Mzinda uno unakulira pa zowolokera. Boma la atsamunda linamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, malonda n'kukula tsidya linalo, ndipo mpaka lero Old Town ndi mbali ziwiri zolumikizidwa ndi mlatho wa pa msewu wa M1. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, mlatho womwewo unasenza magalimoto ochuluka kuposa omwe anaumangira, mpaka pamene unamangidwanso mokulitsa ndi thandizo la dziko la Japan. Tsiku lina muuwoloke wapansi masana, muime pakati, muone mtsinje womwe unapatsa mzindawu dzina. Foni ikhale m'thumba lamkati, ndipo kunsi kwa mlathowo musatsikireko.

Milatho yomwe ine imandisangalatsa kwambiri ndi ya matabwa ya kumsika, yolumikiza msika wa Tsoka ndi tsidya linalo. Anyamata amaimanga okha ndi mitengo ndi misomali, amakhala pakhomo pake kutolera ndalama yowolokera, ndipo madzi akaikokolola dzinja amaimanganso. Palibe injiniya anaijambula papepala, koma tsiku ndi tsiku pamadutsa amayi osenza madengu a tomato ndi mabelo a kaunjika.

Kawolokedwe ka mlatho wa matabwa ndi kamodzi, kaya ndi kumsika kaya ndi m'nkhalango. Yambani mwaima n'kuona wina akuwoloka. Pondani pomwe thabwa lakhomeredwa pa mtanda, osati pakati pomwe likulendewera. Thabwa lakuda, lonyowa kapena la ndere limaterera ngati sopo. Mukakhala gulu musaunjikane. Mmodzi afike kaye tsidya. Zojambulana pakati pa mlatho wogwedera zisiyeni, ndipo mwana mugwireni dzanja, akhale mbali yomwe kuli chogwirira.

Chachisanu n'chimodzi: miyendo ikazolowera, pitani komwe mtsinje umachokera

Mtsinje wa Lilongwe umayambira m'mapiri a Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzindawu, kumalire ndi Mozambique. Madzi omwe timatsegula pampopi amachokera kumeneko, n'kusungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Msewu wake umadzera ku Likuni, ndipo mbali yaikulu ndi wafumbi; dzinja umafuna galimoto yamphamvu, yokwera. Konzani za mayendedwe obwerera musananyamuke, thirani mafuta okwanira, ndipo uzani wina kunyumba nthawi yomwe akuyembekezereni, chifukwa netiweki kumeneko imabwera n'kuthawa.

Nkhalango ya Dzalanyama ndi ya mitengo yachilengedwe, mombo, tsamba, msuku ndi ina yotero. Cha mu Seputembala mitengoyi imaphukira masamba ofiira ngati yapsa, kenako n'kubiriwira mvula isanagwe n'komwe. Kumapeto kwa chaka kumagwa masuku, dzinja kumamera bowa. Bowa wosamudziwa musazule. Amayi a m'midzi yozungulira ndiwo amadziwa wodyedwa ndi wakupha. Timitsinje ta kumeneko n'toyera, toyenda pa miyala, ndipo zowolokera zambiri ndi mitengo iwiri kapena itatu yogoneka. Ndodo imathandiza kwambiri pamenepa.

Kuno musayende nokha. Pezani munthu wodziwa nkhalangoyi, kudzera kwa a zankhalango kapena pamalo ogona alendo omwe ali m'katimo, ndipo gwirizanani malipiro musanayambe ulendo. Tinjira ta ku Dzalanyama timafanana, tambiri ndi ta otcha makala, ndipo timakathera pa uvuni. Vuto la makala linafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera nkhalangoyi. Mukakumana ndi anthu okankha njinga zosenza matumba, apatseni moni, apatukireni, musawajambule. Sikuti mwapita kukagwira ntchito ya alonda.

Wokutsogoleraniyo mufunseninso za Kaphirintiwa, malo omwe makolo a Achewa amati anthu oyamba ndi nyama anatsikira kuchokera kumwamba n'kusiya mapazi pa thanthwe lidakali lofewa, ndi za kachisi wa mvula wa ku Msinja, kwa Makewana, wansembe wamkazi wa kachisiyo. Awa ndi malo aulemu, ali ndi eni ake. Ngati mukufuna kukafikako, zimayambira kwa amfumu a m'deralo, ndipo zomwe akuuzani kuti musachite musachite.

Pobwerera nyamukani dzuwa lidakali pamwamba, kuti msewu wafumbi uja muuthe kusanade. Mukafika kunyumba vulani sokosi muyang'ane m'miyendo, kuseri kwa mawondo ndi m'chiuno ngati simunatenge nkhupakupa. Mukaipeza, igwireni pafupi ndi khungu n'kuizula pang'onopang'ono kuti mutu usatsalire, ndipo mukamva kutentha thupi m'masiku otsatira pitani kuchipatala mukanene kuti munali m'tchire.