Momwe mungakonzekere ulendo wa pagalimoto wokwera pa Thabwa mpaka ku Mulanje

Ife a ku Chigwa cha Shire tinazolowera msewu wopanda chitunda. Kuchokera ku Nsanje kudzera pa Bangula, Ngabu ndi Nchalo mpaka pa Dyeratu, galimoto imayenda pamalo a see, ndipo matenda ake onse amabisala mpaka tsiku limene idzawoloka mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera pa Thabwa. Boma la Chikwawa lili pafupifupi mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pamwamba pa mamita 1,000, ndipo gawo lalikulu la mtunda umenewu mumalikwera pamsewu waufupi wokhotakhota. Ulendo umene ndikufotokoza ndi wa masiku awiri: kukwera M1 kufika ku Blantyre, kudutsa m'minda ya tiyi ku Thyolo, kugona ku Mulanje, n'kutsika mawa lake.

Choyamba, sankhani nyengo. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ipeweni, chifukwa mvula ikalimba miyala ndi matope zimagumukira mumsewu, ndipo tonse tikukumbukira momwe namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anadulira misewu yathu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umakhala woyera ndipo chigwa chimaoneka patali, koma ndiyonso nyengo ya chiperoni, chimene chimatha kuphimba Thyolo ndi Mulanje kwa masiku angapo. Tengani majuzi, makamaka a ana, popeza mwana wokulira ku Nchalo sadziwa kuzizira kwa kumtunda. Mu Okutobala phiri la Mulanje limabisika mu utsi wa moto wolusa, komanso kutentha kwa kuno kumalemetsa injini isanayambe n'komwe kukwera.

Chachiwiri ndi mapepala ndi mafuta. Laisensi, inshuwalansi ndi COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) zikhale zosatha ntchito, ndipo ma triangle awiri, jeke ndi tayala lapadera lopopedwa bwino zikhale m'buti, chifukwa apolisi a pamsewu amafunsa zimenezi. Dzazani thanki madzulo a dzulo lake pamalo ovomerezeka omwetsera mafuta. Mafuta akasowa, ogulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu amatchula mtengo umene akufuna, ndipo ena amasakaniza ndi parafini; galimoto yomwa mafuta otero imayenda bwinobwino pachigwa, koma imatha mphamvu pakati pa phiri pomwe palibe pokhotera.

Chachitatu ndi mabuleki, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutaya banja langa.

Sabata imodzi ulendo wina usanachitike, ndinagula mapadi a mabuleki pa kashopu kena ku Limbe. Analibe bokosi, analibe dzina, ndipo mtengo wake unali theka la umene ndinauzidwa kwina. Wogulitsayo ananditsimikizira kuti ndi omwewo. Mafuta a mabuleki sindinasinthe, chifukwa botolo lake linkaoneka lodzadza. Pobwerera tinali anthu asanu m'galimoto, kuphatikizapo mananazi, nthochi ndi thumba la mbatata. Nditayamba kutsika ndinasiya galimoto pa giya yaikulu, phazi lili pa buleki nthawi yonse, monga momwe ambiri timachitira. Titadutsa pa Kamuzu View, malo oonerapo chigwa pa chitundacho, fungo la chinthu chopserera linadzaza m'galimoto, ndipo pa khona lotsatira buleki inalowa mpaka pansi osagwira. Mlamu wanga, amene anayendetsapo malole, anangoti, "Alamu, tsitsani giya, musazime injini." Ndinaika 2, kenako 1, ndikukoka handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, mpaka tinaima pambali pa msewu. Mayi a ana anali atagwira mwana wamng'ono osatulutsa mawu. Tinakhala pamenepo ola lathunthu kudikira kuti magudumu azizire.

Makaniko amene anaona galimotoyo pambuyo pake anandifotokozera zimene zinachitika. Mapadi achabechabe akatentha kwambiri amasalala ngati galasi n'kusiya kugwira. Komanso mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pakapita nthawi, ndipo akatentha madziwo amawira n'kusanduka nthunzi. Mukaponda, mumangofinya nthunziyo, mphamvu siifika kumagudumu. N'chifukwa chake kudzadza kwa botolo sikutanthauza kanthu. Sinthani mafutawo zaka ziwiri zilizonse, ndipo gulani mtundu wolembedwa pa chivindikiro, kaya ndi DOT 3 kapena DOT 4, m'botolo losatsegulidwa. Mapadi gulani a m'bokosi pa sitolo yopereka lisiti, muime pomwepo makaniko akamaika, ndipo akale akupatseni m'manja. Kenako yendani nawo masiku angapo kuno kuchigwa kuti akhazikike musanakawayese paphiri.

Potsika, gwiritsani ntchito giya imene munakwerera pamalo omwewo. Ikani 2 kapena 3 musanayambe kutsetsereka, kuti injini izikugwirirani galimoto ngakhale ilire mokweza. Galimoto zambiri zochokera ku Japan ndi za otomatiki, ndipo zili ndi 2 kapena L pa ntchito yomweyi, ngakhale eni ake ambiri sanazikhudzepo. Buleki pondani mwamphamvu kwa kanthawi musanalowe pa khona, kenako chotsani phazi kuti ipume. Musachotse giya kapena kuzima injini poganiza zopulumutsa mafuta, popeza injini ikazima buleki ndi chiwongolero zimauma. Mukamva fungo lopserera imani pamalo oonekera, ikani mwala kutayala, ndipo musathire madzi pa zitsulo zotenthazo chifukwa zimapindika.

Chachinayi ndi kukwera. Nyamukani m'bandakucha kuti mufike pa Thabwa dzuwa lisanakwere. Madzi a mu rediyeta muwaone injini ili yozizira, ndipo mutengeko ena m'chigubu cha malita 5. Zimitsani choziziritsa mpweya mukayamba chitunda, diso likhale pa muvi wa kutentha, ndipo ukakwera imani, koma musatsegule chivindikiro cha rediyeta mpaka itazizira. Malole onyamula shuga kuchokera ku Nchalo amakwera ngati nkhono, ndipo mtima umafuna kuwapitirira. Pirirani mpaka muone msewu wowongoka. Pa Kamuzu View patukani bwinobwino ana aone mtsinje wa Shire ukukhotakhota pansi, pakuti ambiri a ife tinakulira m'mbali mwake osauonapo kuchokera pamwamba.

Mukafika ku Blantyre pitirirani ku Limbe, mutenge msewu wa M2 wodzera ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza. Msewu wa Midima ndi wachidule ndipo ndi umene muyenera kubwererera, koma popita dzerani ku Thyolo chifukwa cha minda ya tiyi. Pa Bvumbwe pali ndiwo zamasamba ndi zipatso; funsani mtengo kwa ogulitsa awiri kapena atatu, chifukwa woyamba kufika pazenera ndiye amakweza.

Ku Mulanje malo ogona sungitsanitu patelefoni, ndipo musatumize ndalama zonse musanawaone. Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje ya mamita 3,002, si ya ulendo wa masiku awiri. Pitani ku Likhubula, mutenge wolondolera wodziwika ku ofesi ya zankhalango, mukwere wapansi kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo ana asalowe m'madzi akuya. Mawa lake nyamukani masana asanapendeke, katundu wa m'buti achepe, kuti mutsike pa Thabwa kukadali kowala.