Kunenerera Sienta ndi kunenerera salale, musaphatikize abale

Mlamu wanga anagula Sienta chaka chatha, ananenerera mpaka wogulitsayo thukuta kamukamu. Basi mutu unakula, mwezi wotsatira anakalowa muofesi ya abwana ake pa loji ina ku Senga Bay ndi sitayilo yomweyo, ati mukapanda kundikweza ine ndikusiya. Abwanawo anangoti chabwino achimwene, kalatayo mubweretse Lolemba. Munthu wamkulu anapepesa sabata yonse. Ndiye ndati tiuzane pang'ono.

Pa galimoto wogula ndinu, ndalama zili m'thumba mwanu, ndipo wogulitsayo mwina simudzakumananso naye. Mphamvu yanu ndi kupeza zilema. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa galimoto yodwala imabisala ikatentha, muone ngati ikulira kamodzi komanso utsi wake, ukakhala wobiriwirako ngati wa bluu ndiye kuti ikudya oyilo. Tsegulani chivundikiro cha oyilo, mukapezamo zoyera ngati chambiko thawani, madzi akulowa mu injini. Makaniko mutenge wanu, wa wogulitsa uja amadya naye. Mileji musaikhulupirire kwambiri anthu amabweza, yang'anani mmene chiwongolero ndi mapedulo zathera, sizinama zimenezo.

Kuno ku Salima funso lalikulu ndi lakuti kodi inayendapo takisi? Ma Sienta a Kamuzu Road kupita Senga Bay kapena M14 ya ku Lilongwe amanyamula anthu opitirira mipando, kuwonjezera matumba a mpunga ndi madengu a usipa kumbuyo, mashoko amakhala anatha kalekale ngakhale bodi ikuwala. Ikwereni muidutsitse m'maenje a M5 yopita ku Nkhotakota, wailesi yozimitsa, mumve zomwe zikugogoda pansi.

Chilema chilichonse chisandutseni ndalama. Tinene kuti akuti K14 miliyoni, inu musangoti yadula, muziti matayala anayi onse ndi ogula, mashoko akumbuyo, batire, COF (pepala lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) yatha, inshuwalansi yatha, ndiye ine ndili ndi 12. Kenako khalani chete, osadzaza mpatawo ndi nkhani. Akakana tsanzikani bwinobwino mupite, nambala musiye, nthawi zambiri foni imalira musanafike pa depoti. Dziwaninso ngati mukulankhula ndi mwini wake kapena dobadoba, dobadoba amakhala waika kale yake pamwamba ndiye pomwe akuti apa ndiye pomaliza bwana pamakhala pasanathe. Ndipo ndalama isatuluke musanafananize nambala ya chasisi ndi ya mu blue book, kusintha umwini mupitire limodzi ku Road Traffic, zoti ndidzakusayinirani mawa ayi.

Kuntchito zinthu zatembenuka, katundu amene akugulitsidwa ndi inuyo, ndipo munthu amene mukunenerera naye mawa mumupatsanso moni wa mwadzuka bwanji bwana. Ndiye zonyoza kampani ngati mmene munanyozera matayala zija zisiyeni pageti. Zoti ndikupita muzinena pokhapokha kalata ya ntchito ina ili m'manja, ndipo ngakhale ili m'manja muinene mofatsa.

Pemphani nthawi kaye, bwana ndingakuoneni liti pa nkhani ya malipiro anga, osati kuwagwira pakhonde ali ndi alendo. Sankhani nyengo, pa loji pitani Khirisimasi itangodutsa zipinda zitadzaza, osati mu Febuluwale mvula ili pakati alendo kulibe. Kontirakiti ikamakonzedwanso kapena akakuwonjezerani ntchito ya munthu amene wachoka, khomo latseguka lokha. Mulowe ndi zomwe mwachita zowerengeka, stoko sinasowepo chilowereni ine, anyamata atsopano awiri aja ndawaphunzitsa ndine. Nkhani ya kukwera kwa zinthu ndi yoona, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tonse tinalira, koma abwana nawonso akuuzani kuti dizilo wa jenereta wakwera, ndiye ikhale yothandizira chabe.

Tchulani figala yeniyeni, mukati muonepo bwana adzaonapo K10,000. Funsaninso ngati figala akunenayo ndi yolowa m'thumba kapena msonkho wa PAYE ndi 5 peresenti yanu ya penshoni sizinachotsedwe, ambiri timasangalala muofesi n'kukalira pa ATM. Akati ndalama palibe musakwiye, funsani za alawansi ya thiransipoti, ya nyumba, mayunitsi, kapena mugwirizane mwezi woti mudzakhalenso pansi, ndipo zomwe mwagwirizanazo zilembedwe ngakhale pa WhatsApp pomwe, zikomo bwana pa zomwe takambirana lero kuti tidzaonanso mu Juni. Mlamu wanga uja anabwererako patatha miyezi isanu atanyamula kope la stoko, anamupatsa ya thiransipoti, salale akuti adikire kontirakiti yatsopano.