Momwe kholo lingalankhulire mwana wa matenda achibadwa kuchipatala

Mwana wodwala malungo, aliyense kuchipatala amadziwa chochita naye. Koma mwana wobadwa ndi sickle cell, haemophilia kapena matenda ena oyenda m'magazi a makolo, nkhani yake ndi ina. Wachipatala amene mumupeze lero ku Namwera kapena ku Makanjira akhoza kukhala kuti akuona mwana wotere koyamba, ndipo mwezi wamawa mudzapezanso wina. Amene sasintha ndinu kholo. Ndiye mbiri yonse ya mwanayo iyenera kukhala m'manja mwanu.

Choyamba, pezani dzina lenileni la matendawo

"Magazi amamuthera" si dzina la matenda. Ngati mwana wathiridwa magazi kawiri kapena katatu, manja ndi mapazi zimatupa n'kumalira usiku wonse, maso ali achikasu, pemphani kuti ayezedwe sickle cell. Zizindikirozi nthawi zambiri zimayamba mwana akakwanitsa miyezi pafupifupi 6. Ngati ndi mwana wamwamuna amene akavulala pang'ono magazi saleka, kapena bondo limangotupa, funsani za haemophilia. Ku health centre akalephera kuyeza, pemphani kalata yopita nayo ku chipatala cha boma cha Mangochi, ndipo kumeneko akhoza kukutumizani ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Dzinalo likapezeka, alembe m'buku la kuchipatala la mwana ndi zilembo zowerengeka. Musachoke asanalembe.

Chachiwiri, mvetsani kumene matendawo achokera, ndipo mukafotokozere akubanja

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwedezeka. Mayi amanenedwa kuti ndi iwo abweretsa tsoka, ena amathamangira kwa asing'anga poganiza kuti mwana walodzedwa. Choonadi ndi chakuti sickle cell imafuna mbali ziwiri: bambo ndi mayi onse amakhala ndi kachidutswa ka matendawo m'magazi mwawo ngakhale iwo sadwala. Pa mimba iliyonse ya makolo oterowo, mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi pa 4. Sizitanthauza kuti mukabereka mmodzi wodwala, atatu otsatira adzakhala bwino. Mimba iliyonse imayambira pomwepo. Chialubino chimayendanso chimodzimodzi, kuchokera kwa makolo onse awiri. Haemophilia ndiye kawirikawiri imadzera kwa mayi n'kuonekera mwa ana aamuna, koma mayiyo sanasankhe, monga sanasankhe msinkhu wake.

Kuno kwathu mawu a malume ake a mwana ndi agogo amalemera. Ulendo wina wa kuchipatala atengeni, akamve okha kuchokera kwa adokotala. Zimachepetsa mikangano kuposa kuwafotokozera inu nokha pakhonde.

Chachitatu, gulani kope

Buku la kuchipatala limadzaza, limanyowa, nthawi zina limasowa. Likadzaza musataye, mangirirani latsopano pamwamba pa lakale ndipo muzisunga mu pepala la pulasitiki. Kenako kope lanulanu, lomwe la ana asukulu lija, muzilembamo tsiku limene mwana wadwala, chimene chinayamba, mankhwala amene analandira ndi mlingo wake, kulemera kwake, tsiku limene anathiridwa magazi, ndi nambala ya Hb, yosonyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi, nthawi iliyonse akayezedwa. Nambala imeneyi ndi yofunika kwambiri. Mwana wa sickle cell amakhala ndi Hb yotsika ngakhale ali bwino, choncho wachipatala akadziwa pamene imakhala masiku onse, amaona msanga ngati yatsika moopsa. Amene ali ndi foni ya kamera ajambule masamba onse. Ngati kulemba kumakuvutani, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena mwana wamkulu akuthandizeni.

Chachinayi, dziwani mankhwala ndi zizindikiro zosadikira mawa

Kwa mwana wa sickle cell, funsani za folic acid, penicillin wa tsiku ndi tsiku amene amaperekedwa mpaka zaka 5, mankhwala oteteza malungo, katemera yense, komanso hydroxyurea amene amachepetsa ululu wobwerezabwereza koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Neti ndi ya usiku uliwonse, chaka chonse, makamaka ife a m'mphepete mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire. Kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa thupi, ndipo thupi likauma ululu umayamba, choncho botolo la madzi lisachoke m'chikwama cha kusukulu. Kusambira nthawi yaitali m'madzi ozizira kumautsanso ululu, ndipo kumuuza zimenezi mwana wa ku Malindi kapena ku Monkey Bay amene anzake onse ali m'nyanja si ntchito yamasewera, koma muuzeni.

Thupi likatentha kufika madigiri 38, akamapuma movutika, m'zikhatho mukayera mwadzidzidzi, m'mimba kumanzere mukatupa, kapena mkono ndi pakamwa zikalefuka mbali imodzi, nyamukani nthawi yomweyo. Khalani ndi nambala ya wakabaza amene angabwere ngakhale pakati pa usiku, ndi kandalama kosakhudzidwa ka ulendo woterowo.

Kwa mwana wa haemophilia, aspirin ndi brufen ayi. Panado ndiye angamwe. Musalole mphini. Pochotsa dzino kapena pobaya jakisoni wa m'mnofu, nenani matendawo asanayambe. Ndipo nyengo ya jando ikafika, nkhaniyi ikambidwe ndi akuluakulu komanso achipatala kusanache, chifukwa mdulidwe wopanda mankhwala othandiza magazi kuundana, otchedwa factor, ukhoza kutenga moyo wa mwana wotere. Akapunthidwa kumutu, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, pitani kuchipatala.

Wachialubino amafuna chipewa chachikulu, zovala za manja aatali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi mpando wakutsogolo m'kalasi. Chilonda chosapola pakhungu chionedwe msanga chisanasanduke khansa. Bungwe la anthu achialubino la APAM lingakulozereni kopeza thandizo.

Chachisanu, lankhulani m'chipinda cha adokotala

Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo nthawi yanu ndi yochepa, ndiye yambani ndi chachikulu: "Adokotala, mwanayu ali ndi sickle cell, thupi latentha kuyambira usiku, Hb yake imakhala pa 7." Mfundo zitatu zimenezi zimasintha momwe mwana alandiridwire. Musanatuluke funsani kuti mankhwalawa ndi a chiyani, amwe bwanji, ndibwerenso liti, ndipo ndi chiyani chingandibweze tsikulo lisanafike. Bwerezani zimene mwamva kuti akukonzeni ngati mwalakwitsa. Ngati Chiyao ndiye chimakumasukirani, pemphani wina amasulire, palibe chamanyazi.

Kufunsa si mwano. Achipatala ambiri amakondwera ndi kholo lobwera ndi kope lake. Koma zikachitika kuti simunathandizidwe bwino, pitani kwa namwino wamkulu wa wodiyo, kwa ombudsman wa pachipatala amene amalandira madandaulo, kapena ku komiti ya anthu akumudzi yoyang'anira chipatalacho. Nenani tsiku, nthawi ndi zimene zinachitika, osati zotukwana.

Potsiriza, pezani anzanu. Tsiku la kiliniki chezani ndi makolo amene muli nawo pamzere, patsanani manambala, yambitsani gulu la pa WhatsApp. Kumeneko ndi kumene mumamva kuti mankhwala afika liti kapena dokotala wa ana akubwera tsiku lanji. Chenjerani ndi ogulitsa zitsamba pa Facebook olonjeza kuchotseratu matenda achibadwa. Chilichonse mwawerenga pa intaneti, kachifunseni kuchipatala musanampatse mwana. Mukakhala gulu, pa 13 Juni, tsiku lokumbukira anthu achialubino, kapena pa 19 Juni, tsiku la sickle cell, mukhoza kupempha kukumana ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma lino la Mangochi, mutanyamula mndandanda wa ana anu ndi mankhwala amene akusowa.