Foni yatsopano mwagula, nanga mameseji ndi manambala mwasamutsa bwanji?

Nyengo yokolola ikafika anthu ambiri amasintha mafoni, wina kuchoka pa itel kupita pa Tecno, wina pa Samsung, ndiye madandaulo amene ndimamva ndi omwewo, akuti zonse za pa WhatsApp zasowa, manambala a makasitomala palibe, zithunzi za ukwati zapita. Ndikafunsa kuti Gmail yanu, imelo ya Google ija, ndi iti, yankho limakhala loti anandipangira mnyamata wa pa shopu tsiku lomwe ndinagula foni. Vuto limayambira pamenepo abale anga.

Backup ya WhatsApp, kutanthauza kope la mameseji ndi zithunzi zanu, pa Android imasungidwa ku Google Drive, nkhokwe ya Google ya pa intaneti, ndipo kuti muitenge pamafunika zinthu ziwiri, nambala yomweija komanso akaunti ya Gmail yomweija. Mukatsegula Gmail ina pa foni yatsopano zili ngati mwaima pakhomo la nkhokwe ya eni ake ndi kiyi wa kwanu. Ndiye musanagule nkomwe foniyo lowani mu Settings, onani imelo yomwe ilimo, yesani pasiwedi ngati mukuikumbukira, muilembe mkabuku kamene mumasunga bwino. Ngati munaiwala, isintheni foni yakale ikadali mmanja mwanu chifukwa Google imatsimikiza kudzera pa foni yomweyo kapena nambala yanu.

Kenako pitani pa WhatsApp, Settings, Chats, Chat backup, muone deti la backup yomaliza. Ena amapeza kuti inaima miyezi yapitayo osadziwa. Google imapereka 15 GB yaulere koma amagawana Gmail, Google Photos ndi Drive, ndipo kuyambira 2024 backup ya WhatsApp nayo imadya pomwepo, ikadzadza basi backup siyendanso. Magulu a maliro, a mpingo, a banki mkhonde aja amatumizirana mavidiyo usiku ndi usana, fufutani zosafunikazo kaye. Dziwaninso kuti mavidiyo salowa mu backup pokhapokha mutachonga pa Include videos.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukaika WhatsApp pa foni yatsopano ndikulowetsa khodi ya manambala 6, imafunsa kamodzi kokha kuti Restore (kubwezeretsa zakale) kapena Skip (kudumpha). Munthu chifukwa chofulumira kuona mameseji amangodina Skip. Mukatero musayambe kucheza ayi, ichotseni WhatsApp-yo muikenso pompo, chifukwa ikapanga backup yatsopano yopanda kanthu imatha kufufuta yakale ija. Ndipo chitani izi foni ili yodzadza moto, pamalo pomwe netiweki ikugwira bwino kapena pa Wi-Fi, ndi bandulo ya intaneti yonse osati ya WhatsApp yokha poti katunduyo akuchokera ku Google Drive.

Amene mukuchoka pa Android kupita pa iPhone, backup ya Google Drive siigwira kumeneko, iwo amagwiritsa iCloud, nkhokwe ya ma iPhone, yomwe yaulere ndi 5 GB yokha. Pamafunika app ya Move to iOS ndipo iPhone-yo ikhale yatsopano kapena yofomatidwa. Nanunso amene munaika pasiwedi pa backup yanu, mukaiwala ngakhale eni WhatsApp sangakutsegulireni.

Manambala nawo, ngati munkasunga mu foni osati ku Gmail, sangabwere okha. Asamutseni kaye ku akaunti ya Google kudzera mu Contacts.

Foni yakale musathamangire kugulitsa kapena kupatsa mwana wa achemwali tsiku lomwelo. Ikhale kaye sabata imodzi mukufufuza ngati zonse zafika, mavoisi, zithunzi, malisiti a ndalama omwe munajambula. Mukakhutira, chotsanimo akaunti ya Gmail kaye kenako muifomate, apo ayi wogulayo akafomata yekha idzamufunsa pasiwedi yanu ndipo adzakulondolani mpaka kunyumba.