Kulima drosera, chomera chokola tizilombo ndi mame ake

Pali chomera chimene masamba ake amakhala ndi mame tsiku lonse, ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Mamewo si madzi ayi. Ndi ulimbo umene chomeracho chimadzipangira chokha kuti chikole ntchentche, udzudzu ndi tizilombo tina touluka, kenaka n'kutigaya. Akatswiri amachitcha Drosera, ogulitsa mbewu ambiri amati sundew. Mitundu yake ndi yoposa 190, ndipo imamera m'makontinenti onse kupatula Antarctica. Yochuluka ili ku Australia, ina ku South Africa ndi ku South America. Aliyense amene akufuna kuyamba kusunga zomera zodya tizilombo ndimamulangiza ayambire pa drosera, chifukwa savuta, satenga malo, ndipo kadyedwe kake mumakaona ndi maso anu.

Tsamba lililonse lili ndi tiubweya tambirimbiri, nthawi zambiri tofiira, ndipo kunsonga kwa kaubweya kalikonse kuli kadontho konyezimira. Kachilombo kakatera pamenepo kamamatirira. Kakamaphupha kuti kathawe ndiye kamadzipaka ulimbo wambiri. Pakapita mphindi zingapo, tiubweya toyandikana nako timayamba kuweramira pamene kali, pang'onopang'ono, tonse kuloza malo amodzi. Pa mitundu ina tsamba lonse limapindika n'kukakulunga. Kenaka tsambalo limatulutsa timadzi tosungunula mnofu wa kachilomboko n'kuyamwa chakudyacho. Pakatha masiku angapo limatambasukanso, ndipo pamangotsala chikhungwa chouma. Ndikuuzani zoona, munthu amene waona izi kamodzi amabwerera ku m'phikawo m'mawa uliwonse kukaona chimene chakodwa usiku.

Charles Darwin, katswiri wa zamoyo wa ku England, naye anakopeka nacho chomerachi. Anayamba kufufuza mtundu wa Drosera rotundifolia mu 1860, ndipo chaka chomwecho analembera mnzake Charles Lyell kuti mtima wake unali pa drosera kuposa pa chiyambi cha mitundu yonse ya zamoyo, nkhani imene inamutchukitsa mu 1859. Ankaika pamasamba tizidutswa ta nyama, dzira, galasi ndi zina zotero. Anapeza kuti madontho a madzi sasuntha tiubweya, kuti pa galasi timawerama koma sitichedwa kudzuka, pamene pa nyama timagwira kwa masiku. Zonsezi anazilemba m'buku lake la Insectivorous Plants la mu 1875. Mu 1878 mwana wake Francis anaonetsa kuti drosera wodyetsedwa amabereka njere zambiri kuposa wosadyetsedwa.

Nanga chomera chimadyeranji tizilombo? Yankho lake ndi limene likuphunzitseni kasamalidwe konse. Drosera amamera m'madambo ndi m'malo achinyontho mmene nthaka yake ndi ya asidi ndipo ilibe chonde. Nayitirojeni ndi fosifolasi zimene mbewu zina zimapeza m'nthaka, iye amazipeza m'tizilombo. Mizu yake inazolowera umphawi, motero siipirira mchere. Apa ndi pamene alimi aluso amalakwira kuposa ongoyamba kumene, chifukwa dzanja lawo linazolowera kudyetsa mbewu. Feteleza ayi, manyowa ayi, kompositi ayi, phulusa ayi. Dothi labwino la m'dimba, limene lingakondweretse mbewu ina iliyonse, limapha drosera m'masabata ochepa.

Pa madzi ndikhalitsapo, chifukwa zomera zambiri zimafera pamenepa mwini wake osadziwa chifukwa. Madzi abwino ndi a mvula, kapena osefedwa mpaka kuchotsa mchere wonse, monga amene amagulitsidwa kuti azithiridwa m'mabatire a galimoto. Pogula onetsetsani kuti ndi madzi okha, si asidi wa batire. Madzi a pampope, a pamjigo ndi a pachitsime nthawi zambiri amakhala ndi mchere ndi laimu zimene lilime silimva, koma zimaunjikana mu m'phika tsiku ndi tsiku mpaka mizu kupsa. Ena amati awiritsa kaye. Kuwiritsa kumapha majeremusi koma sikuchotsa mchere. Madzi akamachepa ndi nthunzi, mcherewo umatsalira momwemo. Madzi a m'botolo akumwa nawonso ambiri ali ndi mchere. Ngati mungapeze kachipangizo koyezera mchere m'madzi, kotchedwa TDS meter, madzi oyenera ndi amene muyeso wake wa mchere pa kachipangizoko supitirira 50 ppm. Potunga madzi a mvula, lolani mvula yoyamba itsuke denga kaye, ndipo sungani okwanira miyezi ya chilimwe m'chigubu chotseka.

Kathiriridwe kake n'kosavuta. Ikani m'phika m'mbale, ndipo m'mbalemo muzikhala madzi okwera masentimita 1 mpaka 2. Dothi limakoka madziwo lokha kuchokera pansi. Lisaume ngakhale tsiku limodzi. Kamodzikamodzi thirani madzi ambiri pamwamba pa dothi, osati pamasamba, kuti atsuke mchere umene wayamba kuunjikana, ndipo madzi otuluka pansiwo muwataye.

Dothi limene osunga zomerazi amadalira ndi peat (zotsalira za zomera za m'madambo zimene sizinaoleretu) wosakaniza ndi mchenga kapena perlite (timiyala toyera topepuka), muyeso wofanana. Werengani pathumba, chifukwa peat wambiri wogulitsidwa wa maluwa amakhala atamuthira kale feteleza ndi laimu. Ndere za sphagnum nazonso zimachita bwino pazokha. Ena amagwiritsa ntchito ulusi wa makoko a kokonati, koma umafunika kuuviika ndi kuutsuka kangapo m'madzi a mvula chifukwa umabwera ndi mchere. Mchenga uyeseni: thirani viniga pang'ono pa mchenga wouma, ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, usiyeni. Wa kunyanja ya mchere musayerekeze n'komwe. M'phika ukhale wa pulasitiki, woboola pansi, wakuya masentimita 10 kapena kuposerapo.

Drosera ndi wokonda dzuwa. Mitundu yambiri imafuna maola 6 kapena kuposa a dzuwa tsiku lililonse, ndipo chomeracho chimakuuzani chokha ngati chakhutira. Chikapeza kuwala kokwanira, tiubweya timafiira ndipo mame amachuluka. Masamba akatuwa, kutalika monyozoloka ndi kuuma mame, vuto nthawi zambiri ndi mthunzi. Ambiri akaona mame atasowa amathamangira kuwaza madzi pamasamba. Musatero, mukungotsuka ulimbo umene chomeracho chavutikira kupanga. Chomera chimene changobwera kumene chimatha kukhala sabata imodzi kapena ziwiri chilibe mame. Chizolowezeni dzuwa pang'onopang'ono, ndipo muziyang'ana masamba atsopano, osati akale.

Chikakhala panja chimadzisakira chokha chakudya. Cha m'nyumba mungachipatse kachilombo kakang'ono pa tsamba limodzi kapena awiri, kamodzi pa masabata awiri. Kakhale kochepa kuposa tsambalo. Nyama ya pambale, mafuta ndi tchizi zimaoletsa tsamba. Ana amakonda kugwira madontho aja ndi chala. Sapweteka munthu, koma aphunzitseni kuonera ndi maso, ndipo mukawapatsa galasi lokulitsa zinthu sadzafunanso kugwira.

Mtundu woyambira ndi Drosera capensis wa ku Cape, ku South Africa. Masamba ake ndi aatali, opyapyala, ndipo ndi amene amakulunga kachilombo moonekeratu. Amakula chaka chonse, amakhululuka zolakwa zambiri, ndipo ngakhale masamba onse atafa kawirikawiri amaphukanso kuchokera ku mizu, choncho musafulumire kutaya m'phika. Drosera aliciae, nayenso wa ku South Africa, ndi Drosera spatulata wa ku Asia, Australia ndi New Zealand ndi ang'onoang'ono oyala pansi, ndipo savuta. Drosera binata ali ndi masamba amphanda. Ina idikireni kaye. Ya kumayiko ozizira, monga rotundifolia uja wa Darwin, imafota n'kusanduka kamphukira kolimba nyengo yachisanu, ndipo ikasowa nyengo yogonayo imafooka n'kufa. Ina ya ku Australia ili ndi timbatata pansi, imagona nyengo yotentha ndipo imafuna dothi louma panthawiyo. Drosera regia, amene masamba ake amafika masentimita 70, amamera mwachilengedwe m'dera laling'ono la Bainskloof ku South Africa, ndipo mizu yake siikonda kutentha.

Kuchulukitsa ndi gawo lina lokoma la ntchitoyi. Njere zake ndi zazing'ono kwambiri, zakuda. Ziwazeni pamwamba pa dothi lonyowa, osakwirira, chifukwa zimafuna kuwala kuti zimere. Za capensis zimamera pakapita masabata angapo, ndipo kambande kosafika kukula kwa mutu wa machesi kamakhala kale ndi mame ake, kokonzeka kukola. Njira ina ndi kudula tsamba lathanzi n'kuliika m'kabotolo ka madzi a mvula pamalo owala koma osatentha. Pakapita milungu timbande timaphuka patsambapo, ndipo tikatulutsa mizu mumatiwokera. Mitundu ya mizu yonenepa, monga capensis ndi binata, imameranso kuchokera ku zidutswa za muzu zotalika masentimita 3 mpaka 5 zogonekedwa m'dothi.

Popeza kuchulukitsa n'kosavuta chotere, palibe chifukwa chokazula drosera kutchire. Madambo amene amameramo akutha ndi ulimi, ngalande ndi zomangamanga, m'mayiko ambiri malamulo amaletsa kuzula, ndipo chomera chozulidwa kawirikawiri chimangofera m'manja. Gulani kwa amene amafesa okha, kapena pemphani njere kwa mnzanu.

Ngakhale amadya tizilombo, drosera nayenso ali ndi adani. Nsabwe za m'masamba zimabisala pamtima pa chomera ndi pa phesi la maluwa, pamene palibe ulimbo, ndipo masamba atsopano amatuluka opiringizika. Mizani chomera chonse m'madzi a mvula kwa tsiku limodzi kapena awiri, nsabwezo zimafa. Mame amabwerera pambuyo pake. Mankhwala a sopo musapopere. Masamba akufa muziwadula kuti nkhungu isayambe.

Capensis akatulutsa maluwa, amene amatseguka limodzilimodzi kwa maola ochepa, amadzibereketsa yekha, ndipo phesi limodzi limataya njere zambirimbiri zimene zimamera m'miphika yonse yoyandikana nayo. Ku New Zealand anamuika pa mndandanda wa zomera zoletsedwa kugulitsa ndi kufalitsa chifukwa cha khalidwe lomweli. Dulani phesi likayamba kuuma, muliike m'envulopu ya pepala, ndipo njere zimene simukuzifuna musazitaye pafupi ndi dambo kapena mtsinje.